Kwa mwana wanga amene watupa thumba la mtima

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako wandipeza woti madokotala akupeza ndi pericarditis, kutupa kwa thumba la mtima, ndipo ululu wayamba kuchepa. Mtima wanga wakhala pansi pang'ono. Koma kuchepa kwa ululuko n'kumene kwandilembetsa kalatayi, chifukwa apa m'pamene ambiri amasiyira mankhwala, matenda n'kubwereranso.

Uyambe wadziwa chimene chatupa. Mtima sunangolendewera m'chifuwa, uli m'thumba lotchedwa pericardium, lopyapyala kosapitirira mamilimita 2. Kunja kwake n'kolimba, sikutamuka msanga, ndipo n'komangirira ku fupa la pachifuwa, ku mitsempha ikuluikulu ya magazi kumtunda, ndi ku mnofu wopumira umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba kumunsi. M'kati muli nembanemba ziwiri zosalala: ina inamatirira pamtima penipeni, ina inayala m'kati mwa thumbalo. Pakati pake pali timadzi tochepa, mamililita 15 mpaka 50, toti mtima uziterera ukamagunda. Thumbali limasunga mtima pamalo pake, limauletsa kufufuma mopitirira magazi akabwera ochuluka mwadzidzidzi, komanso limatchinga matenda a m'mapapo kuti asafike msanga pamtima.

Nembanemba zija zikatupa zimayamba kukhulana. N'chifukwa chake ululu wako ndi wobaya, umakula ukagona chagada, ukakoka mpweya kwambiri kapena ukatsokomola, ndipo umachepa ukakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo. Za phewa limene ukudandaula usade nazo nkhawa: mtsempha wonyamula ululu wa thumbali, wotchedwa phrenic, umachokera m'khosi, ndiye ubongo umamva ngati vuto lili paphewa. Dokotala akamvetsera pachifuwa amatha kumva kukhulanako ngati zikopa ziwiri zouma zikupekesana.

Tsopano mankhwala. Kawirikawiri amapereka ibuprofen wa mamiligalamu 600 maola 8 alionse kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako n'kumachepetsa pang'onopang'ono. Usamamwe m'mimba mulibe kanthu, ndipo ufunse mankhwala oteteza m'mimba monga omeprazole. Winayo ndi colchicine, theka la miligalamu kamodzi patsiku ngati sukufika makilogalamu 70, kawiri ngati ukufikapo, kwa miyezi itatu yathunthu. Ameneyu ndiye amasiyidwa kwambiri chifukwa sasonyeza ntchito yake lero ndi lero. Koma mwa odwala 100 amene sanamwe colchicine, 15 mpaka 30 matendawa amawabwerera, ndipo iyeyu amachepetsa chiwerengerocho pafupifupi ndi theka. Akakutsegula m'mimba usamusiye wekha, kauze dokotala asinthe mlingo. Tsiku limene waiwala usaphatikize milingo iwiri, colchicine wochuluka ndi poizoni. Ndipo wina akakulangiza prednisolone, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa, kuti uchire msanga, usafulumire. Ululu amauzimitsadi, koma amachulukitsa kubwerera kwa matendawa, choncho amamusungira zifukwa zapadera.

Kuthamanga, kunyamula zolemera ndi masewera olimbitsa thupi zidikire mpaka ululu utatheratu ndipo zotsatira za CRP (kuyeza magazi koonetsa kutupa) ndi ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima) zabwerera mwakale. 

Chimene chikundivutitsa maganizo kwambiri ndi gwero lake. Nthawi zambiri ndi mavairasi, ndipo zimatha bwino. Koma chifuwa chachikulu nachonso chimagwira thumbali, makamaka chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo ku Africa kuno ndicho chimatsogola pa zodzaza madzi ambiri m'thumba la mtima. Kulephera kwa impso, khansa ndi lupus (matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo) zimayambitsanso. Ndiye ngati thupi likutenthabe sabata itatha, ukutuluka thukuta usiku kapena ukuonda, ulimbikire kuti akuyeze TB, HIV ndi impso. Palibe chamanyazi pamenepa. Ikakhala TB, ibuprofen sangaichize, pafunika mankhwala ake a miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa.

Ngozi yeniyeni ndi madzi. Thumba lotupa limatha kutulutsa madzi ambiri, ndipo chofunika si kuchuluka kwake kokha koma liwiro limene akudzazira. Akamabwera pang'onopang'ono kwa miyezi, thumba limapeza nthawi yotamuka mpaka kusunga lita imodzi kapena kuposa munthu akuyendabe. Akabwera mwadzidzidzi, mamililita 150 kapena 200 okha amakwana kupanikiza mtima. Umalephera kudzaza magazi, ndiye ulibenso choti upope. Imeneyi ndi tamponade. Zizindikiro zake uzidziwe, uwauzenso amene ukukhala nawo: kubanika kumene kukukulirakulira, mtima kuthamanga, chizungulire kapena kukomoka, manja ozizira, mitsempha ya m'khosi kutukumuka. Ukaona zimenezi usadikire kuti kuche, ndipo usamwe mankhwala okodzetsa, amangotsitsa BP yotsika kale. Thamangira kuchipatala. Kumeneko amaunika mtima ndi makina ojambula mtima otchedwa echo, n'kulowetsa singano kumunsi kwa fupa la pachifuwa kuti akoke madziwo. Ngakhale ochepa oyamba akangotuluka, munthu amayamba kupeza mpweya. Madziwo awayeze, chifukwa amatha kuulula gwero.

Vuto lina limabwera mochedwa, patapita miyezi kapena zaka. Thumba limachita zipsera, kukhuthala, nthawi zina mpaka kuuma gwa, mtima n'kusowa potambasukira. Miyendo imatupa, mimba imadzaza madzi, chiwindi chimakula, ndipo odwala ena amazunzika nthawi yaitali akupatsidwa mankhwala a chiwindi pomwe vuto lili pamtima. Pa pericarditis ya mavairasi izi n'zosowa kwambiri, pa ya TB n'zofala. Zikakhazikika, chithandizo chake ndi opaleshoni yochotsa thumbalo, ndipo munthu amakhala bwinobwino popanda ilo. Choncho dokotala aliyense amene udzakumane naye m'tsogolo uzimuuza kuti unadwalapo matendawa.

Tsiku lobwerera kuchipatala, limene amaliika pakatha pafupifupi sabata, usaliphonye ngakhale ukumva bwino. Ukafunse ngati echo yaonetsa madzi ndi kuchuluka kwake, ndipo ukatuluka undiimbire undiuze mlingo wa colchicine umene akulembera.

Ndine mayi ako.