Azaumoyo aziphunzitsanso ife agogo za khungu la khanda

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi azaumoyo komanso agogo anzanga kudzera m'nyuzipepala yanu. Mwezi wa Okutobala ndinkadikirira mwana wanga wamkazi kuchipatala pamene anachira mwana wake wachisamba, ndipo ndinaona kuti uphungu wa kasamalidwe ka khungu la khanda umaperekedwa kwa mayi wotopa ndi ululu, pomwe amene adzasambitse mwanayo masabata oyambirira, ndife agogo ndi apongozi, tili panja kuyang'anira mapoto.

Mdzukulu wangayo anabadwa ndi zoyera zonga mafuta thupi lonse, makamaka m'khwapa ndi m'khosi, ndipo ine ndinali nditatereka kale madzi kuti ndimusambitse. Namwino anandiletsa, nandiuza kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudikira maola 24 khanda lisanasambitsidwe, chifukwa zoyerazo zimateteza khungu kuti lisaume kapena kugwidwa ndi tizilombo, komanso kusamba msanga kumaziziritsa mwana. Ndinamvera monyinyirika, poti ana anga onse anasambitsidwa tsiku lomwe anabadwa.

Zolakwitsa zanga zenizeni zinachitikira kunyumba. Ngakhale kunali kotentha chotero, ndinamuveka chipewa cha ulusi ndi kumufunditsa shawelo ndi bulangete, mwakuti pasanathe masiku anayi m'khosi ndi pamsana munatuluka tiziphuphu tofiira ta thukuta. Ndinathira paudala wonunkhira, koma iye anangoundana m'makwinya a khungu n'kukhala ngati phala, malowo n'kufiira kuposa kale. Titabwerera kuchipatala patatha sabata, anatiuza kuti paudala ndi woopsanso mwana akamupumira m'mapapo, ndipo chofunika chinali kuchepetsa zofunda, kumusambitsa ndi madzi ofunda pang'ono opanda sopo wa fungo, ndi kumupukuta mosisita pang'onopang'ono osati mokhula. Kusupuka kwa khungu m'manja ndi m'mapazi, kumene kunkandisowetsa tulo, anati n'kwachibadwa ndipo kumatha kokha.

Matewera nawo ali ndi nkhani yawo. Thewera lonyowa likakhalitsa limawaula khungu, ndipo la nsalu lochapidwa ndi sopo wa ufa koma losatsukuluzidwa bwino limachita chimodzimodzi. Kupaka Vaseline pang'ono pamatako ouma bwino kumathandiza. Chimene amayi athu ankachidziwa, koma atsikana a lero akuchiiwala, ndi kusita: pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Simbi yamoto imapha mazirawo.

Za mchombo ndinena mosabisa, ngakhale anzanga ena andikwiyire. Phulusa, mwaye kapena dothi pamchombo zimatha kubweretsa kafumbata. Mchombo umagwa wokha pakati pa sabata imodzi ndi atatu ukamakhala waukhondo ndi wouma, ndipo ukayamba kununkha, kutuluka mafinya kapena kufiira m'mbali, mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pempho langa kwa anamwino ndi alangizi a zaumoyo n'lakuti pa tsiku lotulutsa mayi, aziitananso womudikirira kuti amve uphunguwo ndi makutu ake, popeza mtsikana wochira kumene sangathe kutsutsa apongozi ake atagwira kale beseni.

Ndine wowerenga wanu,
Gogo wa ku Balaka