Kalata kwa mphwanga: ndalama za makina zinachoka m'nkhokwe ya yani?

Johannesburg

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira nonse muli bwino, amayi ndi ana omwe. Kuno kulibe chovuta. Ndalama ya feteleza ndatumiza, ugule msanga mitengo isanakwere.

Tsono za funso lako la kusukulu lija, loti maiko akuluakulu a alimi analowa bwanji m'nyengo ya mafakitale. Usayambire pa makina. Funsa kaye kuti ndalama zogulira makinawo zinachoka m'nkhokwe ya yani, ndipo mwini nkhokweyo anamusiyira zingati.

Ku Russia, mu 1861 mfumu Alexander II inamasula alimi omwe ankakhala ngati akapolo a eni minda, koma minda anawapatsa pangongole yobweza zaka 49. Msonkho ankatolera atangokolola, choncho mlimi ankagulitsa tirigu mtengo uli pansi, monga zimakhalira kwathu mavenda akafika ndi masikelo mu Meyi. Tiriguyo ankapita kunja. Mu 1891, chaka chomwe anayamba kumanga njanji yodutsa Siberia, njala inagwa m'madera a mtsinje wa Volga. Stalin, yemwe anadzalamulira dzikolo pambuyo pake, anadzawonjeza mu 1929 pokakamiza anthu kulowa m'minda ya gulu. Alimi anapha ziweto zawo m'malo mozipereka, ng'ombe zinatsala pafupifupi theka, ndipo njala ya 1932 ndi 1933 inapha mamiliyoni, makamaka ku Ukraine ndi Kazakhstan. Mafakitale anamangidwa ndithu, zimenezo usabise.

Pa China ndi pomwe uchedwepo. Mu 1958 mtsogoleri wa dzikolo, Mao Zedong, analamula kuti midzi izisungunula zitsulo m'ng'anjo zakuseri kwa nyumba. Anthu anaponyamo miphika ndi makasu, chotuluka n'kukhala chitsulo chophwanyika chopanda ntchito, uku mbewu zikuolera kumunda kusowa wokolola. Choipitsitsa, atsogoleri a m'madera ankakokomeza zokolola polemba malipoti, boma n'kumatenga gawo lake potsata bodzalo. Mlimi ankatsala ndi nkhokwe yopanda kanthu. Zinatembenuka mu 1978, pomwe alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang, m'chigawo cha Anhui, anadinda zala mobisa n'kugawana munda wa gulu: banja lililonse lipereke gawo la boma, chotsala n'chake. Dothi lomwelo, makasu omwewo, zokolola zinakwera chaka chotsatira.

Japan nayo inafinya mlimi, koma ndi muyeso wodziwika. Mu 1873 eni minda anapatsidwa ziphaso, msonkho n'kukhala 3 peresenti ya mtengo wa munda, wolipira ndi ndalama osati mpunga. Alimi ataukira, unatsitsidwa kufika 2.5 mu 1877.

America uitchule mwachidule: lamulo la 1862 linkapatsa banja maekala 160 likakhalapo ndi kulima zaka 5. Koma ulembenso kuti malowo analandidwa kwa eni nthaka, mabuku ena amapadumpha pamenepo.

Uwauze amayi kuti chimanga cha m'matumba athiremo mankhwala a anankafumbwe, ndipo asagulitse mpaka Disembala.

Ndine mkulu wako.