Kukula kwa galasi sikokwanira pojambula mapulaneti akutali

Akonzi,

Nkhani za matelesikopu a m'mlengalenga zikamatuluka, chimene chimatchuka ndi kukula kwa galasi. Koma pofuna kujambula pulaneti longa Dziko lathuli lozungulira nyenyezi ina, chimene chimasautsa akatswiri ndi kugwedera.

Nyenyezi yonga Dzuwa imawala kuposa pulaneti lotero ka 10 biliyoni. Chipangizo chotchedwa coronagraph chimaphimba nyenyeziyo, komabe kuwala pang'ono kumadontha n'kupanga timadontho tosasiyana ndi pulaneti. Timadonthoti tikakhala malo amodzi, kompyuta imatichotsa. Galasi likangopindika pang'ono timasuntha, ndipo chithunzi chawonongeka.

Zogwedeza zake ndi ziwiri. Mawilo amene amazungulira mkati kuti atembenuze telesikopu amainjenjemeretsa. Kutentha nako kumasintha telesikopu ikatembenuka, zitsulo n'kufutukuka kapena kukhwinyata pang'onopang'ono.

M'mapangidwe a telesikopu ya Nancy Grace Roman ya NASA (bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga), ya galasi la mamita 2.4, kuwala kwa nyenyezi kumene kwatchingidwa sikutayidwa ayi. Kumapita ku kamera yojambula ka 1,000 pa sekondi, imene imalamula kagalasi kothamanga kubwezera nyenyezi pakati pa chophimba. Zolakwika zotsalazo amakonza ndi magalasi awiri opindika, lililonse lokankhidwa kumbuyo ndi timapisitoni toyalidwa 48 kwa 48. Amayamba alozetsa telesikopu pa nyenyezi yowala kwambiri, n'kusintha timapisitonito mobwerezabwereza mpaka pambali pa nyenyeziyo pachite mdima, kenako n'kutembenukira ku nyenyezi yofunikayo. Apa ndiye pali msampha: kutembenukako kumasintha kutentha, mdima uja n'kuyamba kuwonongeka. Nyenyezi ikakhalanso yozilala, kuyeza kumatenga nthawi yaitali, moti pomaliza kuyeza galasi limakhala litasintha kale.

Telesikopu ya James Webb, imene inaulutsidwa mu 2021, ili ndi zidutswa 18 za galasi zimene amaziwongola pa muyezo wa nanomita (gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita). Kwa mapulaneti akuluakulu otentha monga HIP 65426 b, amene inajambula mu 2022, zimenezi n'zokwanira. Telesikopu ya Habitable Worlds Observatory, imene NASA ikukonzekera kuti idzajambule mapulaneti onga Dziko lathuli, idzafunika kukhazikika osasuntha kuposa mapikomita pafupifupi 10 kwa mphindi zingapo (pikomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a nanomita), pamene atomu ya hydrogen ndi yotambalala mapikomita pafupifupi 100. Palibe chitsulo chimene chingakhale bata chotero pachokha. Ngati galasi lake lidzakhale la zidutswa, chidutswa chilichonse chidzafunika kuyezedwa mosalekeza, kaya ndi laser kapena ndi zoyezera za m'mphepete mwake, n'kumakankhidwa kubwerera pamalo telesikopu ili mkati mojambula.

Ine,
Wowerenga wanu