Lipoti la ulendo wa ku Cape Town: za makola a agalu amene tikufuna kumanga

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala nonse,

Ndabwerako bwino. Zikomo chifukwa cha ndalama ya basi imene munasonkha, komanso pondikhulupirira kuti ndikakhale maso ndi makutu anu. Munandituma ndi funso limodzi: kodi pamalo amene tapatsidwa ku Lunzu paja tingamange makola osungiramo agalu osowa kwawo, osapha ngakhale mmodzi, n'kumawadyetsa ndi zopereka za anthu akufuna kwabwino? Mukudziwa nonse kuti ponyamuka ndinali m'gulu la onena kuti timange msanga. Ndabwera nditasintha maganizo, ndipo ndikupempha muwerenge mpaka kumapeto musanandiweruze.

Msonkhano umene ndinapitira ku Cape Town unali wa masiku awiri. Kunabwera oyendetsa malo osungirako agalu, madokotala a ziweto ndi anthu ongodzipereka ngati ife. Tsiku lachitatu anatigawa m'magulu kuti tikaone malowo ndi maso athu.

Ndiyambe ndi mawu amene takhala tikuwatchula m'misonkhano yathu osawamvetsa bwino. Akamati malo ndi a no-kill, satanthauza kuti palibe galu amene amabayidwa jakisoni womugoneka. Bungwe la Best Friends Animal Society, lomwe lili ndi malo aakulu ku Kanab m'boma la Utah ku America, limawerengera kuti malo afika pamenepo ngati ziweto 90 pa 100 zilizonse zolowa zikupulumuka. Zotsalazo ndi zimene zikumva ululu wosachizika kapena zoopsa kwambiri kwa anthu. Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha chiwewe. Galu akayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, mankhwala palibe, ndipo kumusunga n'kuika moyo wa omusamalira pachiswe. Choncho lonjezo loti sitidzapha galu aliyense, mmene tinalilembera m'kalata yathu yopempha thandizo ija, sitingalikwaniritse.

Ku South Africa kuli magulu awiri amene sagwirizana kwenikweni. A SPCA, mabungwe oteteza ziweto ku nkhanza, monga Cape of Good Hope SPCA ya ku Grassy Park imene inayamba mu 1872, sabweza chiweto chilichonse pageti, ndipo chifukwa cha zimenezi amakakamizika kugoneka zina. Enawo, a no-kill aja, sapha galu wathanzi, koma makola akadzaza amatseka geti. Mkangano unakula madzulo a tsiku loyamba pamene mayi wina anafunsa kuti galu wobwezedwa pageti amapita kuti. Yankho aliyense ankalidziwa: amakatayidwa kumsewu, kapena amakathera kwa omwe aja amene timawanena kuti ndi opha. Ine ndinakhala chete, chifukwa funso limenelo sitinadzifunsepo.

Tsopano za ndalama, zomwe ndi zimene munanditumira.

Galu amakhala zaka 10 mpaka 13, ena kupitirira. Ukamulandira n'kulonjeza kuti sudzamupha, wasaina ngongole ya zaka zonsezo. Koma wopereka sasaina chilichonse. Amapereka lero chifukwa waona chithunzi cha kamwana ka galu ka mphere pa Facebook, mwezi wamawa mtima wake uli kwina. Onse amene anayankhula anadandaula chimodzimodzi: ndalama imabwera ya galu wogundidwa ndi galimoto, imabwera yomangira khola loti alembepo dzina la wopereka, koma ya madzi, ya magetsi, ya sopo wotsukira makola ndi ya malipiro a antchito sibwera. Palibe amene mtima umamugunda ndi bilu ya madzi. Chonsecho zimenezi ndiye zimadya thumba mwezi ndi mwezi.

China chimene chinandiopsa n'chakuti mavuto awiri amafika tsiku limodzi. Zinthu zikakwera mitengo, opereka amachepa, ndipo nthawi yomweyo anthu olephera kudyetsa agalu awo amachuluka pageti. Ena amasamukira m'nyumba ya lendi imene eni ake salola ziweto, ena ntchito yatha. Thumba likamaphwa m'pamene pakamwa pofuna kudya pamachuluka.

Malo amene gulu lathu linakaona ali kunja kwa mzinda, ndipo sinditchula dzina lake chifukwa anatilandira ndi mtima wonse n'kutionetsa ngakhale zimene ena akanabisa. Titangolowa, bambo wina wovala ovolosi ndi majombo anandiyang'anitsitsa n'kundipatsa moni m'Chichewa. Ndi wa ku Mangochi, ndipo wagwira ntchito pamenepo zaka zingapo. Anzathu akumvetsera za mbiri ya malowo, iye ananditengera kuseri. Anandionetsa chipinda chosungiramo chakudya: matumba anali atatsala pakona imodzi, ndipo pansi pankaoneka zizindikiro za pamene milu ina inkakhala. Panja panali mphika waukulu wa mpunga wosakaniza ndi zotsala za nkhuku, woti achulukitsire chakudya cha m'matumbacho kuti chifike kumapeto kwa mwezi. Anandiuza kuti malipiro amachedwa nthawi zina, koma chimene chimamusowetsa tulo n'choti mayi amene anayambitsa malowo akukalamba, ndipo opereka onse amadziwana ndi iwowo basi. Manambala onse ali m'foni yawo. Ndalama yawo ya penshoni inalowa kale m'makola momwemo.

Kenako anandifikitsa pa khola lakumapeto. Munali galu wakuda, wa imvi kukamwa, amene anabwera ali wamng'ono. Alibe vuto lililonse. Kungoti ndi wakuda, ndi wamkulu, ndipo obwera kudzatenga galu amathamangira tiana. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kutsamiritsa mutu wake pa waya kuti ndimukande kukhutu. Pansi pa simenti panali njira yosalala imene anaipanga yekha poyenda uku ndi uku zaka zonsezi. Amadya, amalandira katemera, amakondedwa. Koma ndinadzifunsa ngati umenewu ndi moyo umene tikufuna kulonjeza agalu a ku Ndirande ndi ku Bangwe, ozolowera kuyenda. Ndipo khola limene iye wakhalamo zaka zonsezo likanatha kudutsamo agalu ambirimbiri.

Mu ofesi anatitsegulira buku la ngongole. Yaikulu kuposa zonse inali ya kwa dokotala wa ziweto. Anafotokoza kuti matenda a parvo atalowa chaka china, ndalama ya miyezi ingapo inatha m'masabata ochepa. Kachilombo kameneka kamapha tiana ta agalu ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, ndipo kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Kakalowa pamalo odzaza agalu, umafunika madiripi, mankhwala ophera tizilombo ndi khola lapadera, zonse nthawi imodzi. Onjezanipo matenda a nkhupakupa, amene ifenso timawadziwa bwino kuno.

Sikuti onse akugwa. Alipo amene aima, ndipo ndinafufuza chimene chawaimika. TEARS, bungwe la ku Cape Town komweko limene linayamba mu 1999, lili ndi masitolo ogulitsa katundu wakale amene anthu amapereka, ngati kaunjika wathuyu, ndipo limayendera madera a anthu osauka monga Masiphumelele, kumene kulinso Amalawi ambiri, kukathandiza ziweto zili pakhomo pa eni ake. Malo ambiri amadalira anthu amene banki imawadula kandalama kochepa mwezi uliwonse osachita kukumbutsidwa. Lamulo la msonkho la dzikolo, pa gawo limene amalitcha Section 18A, limalola wopereka ku bungwe lovomerezeka kuchotsera zoperekazo pa ndalama zodulidwa msonkho, mpaka 10 pa 100 iliyonse, ndiye makampani amapereka mosanyinyirika. Ku Britain, Dogs Trust, imene inayamba mu 1891 ndipo sipha galu wathanzi, imapeza gawo lalikulu la ndalama zake kwa anthu amene amailemba mu wilo, komanso kwa amene amalipirira galu mmodzi mwezi ndi mwezi.

Abale anga, pa mizati imeneyi ife tili ndi uti? Opereka athu ndi ife tomwe, ndi anzathu ochepa amene amatitumizira pa Airtel Money kapena Mpamba tikawachonderera. Kwathu kuno chuma cha masiye chimadikiridwa ndi ana, adzukulu ndi a kuchimuna omwe. Zolembera agalu sizingamveke. Mankhwala ambiri a ziweto amachokera kunja, ndipo tonse tikukumbuka mmene mitengo inalumphira kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023. Tingati tizidyetsa madeya ndi bonya mmalo mwa chakudya cha m'matumba, inde, koma mu January ndi February madeya omwewo amakwera mtengo, ndipo chaka cha njala anthu amawalimbirana kuti aphikire ana. Tidzaima bwanji pachigayo ndi matumba a agalu 60?

Palinso nkhani ya potulukira. Anzathuwa, ngakhale akulira, ali ndi mabanja obwera kudzatenga agalu oti azigona nawo m'nyumba. Kuno munthu akafuna galu amafuna mlonda: wamphongo, wamkulu thupi, makamaka wa mtundu wachizungu. Galu wathu wachikuda, wamkazi, wa zaka zinayi, adzamutenga ndani pamene tiana tikugulitsidwa m'mbali mwa msewu ndipo kwa aneba amapereka ulere? Makola athu adzadzaza mwezi woyamba, chifukwa mbiri ikangomveka kuti ku Lunzu akulandira agalu, tidzawapeza atamangiriridwa pageti m'mawa uliwonse. Walira mvula walira matope.

Dokotala wina wa ziweto ndi amene anandithandiza kuona njira ina. Anati galu wamkazi amatha kubereka kawiri pachaka, bere lake ndi la masiku 63 okha, ndipo nthawi zambiri amaswa ana asanu, asanu ndi mmodzi kapena kuposa. Kumutseka kuti asaberekenso ndi ndalama yolipira kamodzi. Kusunga ana akewo ndi ndalama ya tsiku lililonse kwa zaka khumi. Khola limatunga madzi m'nyumba yodontha, pomwe kutseka ndi kufula ndiko kufolera denga.

Ndipo apa ife tili ndi mwayi umene sitinauwerengere. Ku Blantyre ntchito yotereyi ilipo kale. Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera wa chiwewe mumzinda uno mu 2015, ndipo chaka choyambacho anabaya agalu opitirira 35,000 m'masiku 20. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimasiya kufalikira. Kalembera wa pantchito imeneyo anaonetsanso kuti agalu ambiri amene timawaona akuyendayenda ali ndi eni ake. Blantyre SPCA ilipo, ndipo ku Lilongwe kuli LSPCA. Chimene mabungwewa sangakhale nacho mokwanira ndi anthu odziwika m'makwalala mwathu, otha kugogoda pakhomo n'kuuza bambo kuti galu wofulidwa sasiya kuuwa akuba. Ameneyo ndi ife. Komanso nkhani ya chiwewe ndi imene imatsegula makutu a anthu amene amatiseka kuti tikusamala agalu anthu akuvutika. Matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi 40 pa 100 alionse mwa iwo ndi ana. Mayi amene mwana wake analumidwapo n'kuyenda zipatala kusaka katemera safunika kumunyengerera.

Choncho pempho langa kwa inu ndi ili. Malo a ku Lunzu tisawabweze, koma tisamangepo makola 40 amene tinkafuna aja. Timange mpanda ndi makola asanu ndi limodzi okha, oti galu azichiriramo akachitidwa opaleshoni kapena akavulala, kenako abwerere kwawo. Nambala imeneyo ilembedwe m'malamulo athu, ndipo pasakhale membala, ngakhale a Wapampando, wololedwa kuiphwanya chifukwa cha chisoni. Ndikudziwa kuti ine ndemwe ndidzakhala woyamba kuyesedwa. Njerwa imodzi isaikidwe tisanasunge ndalama yoyendetsera malowo miyezi isanu ndi umodzi, ku akaunti ya gulu ya anthu atatu osainira, osati m'foni ya munthu mmodzi. Agalu osowa kwawo tiziwasungitsa m'makomo mwa mamembala ndi abwenzi, ife n'kumathandiza chakudya ndi katemera. Kumeneko galu amazolowera anthu ndipo aneba amamuona, mwina n'kumukonda.

Chovuta kwambiri ndasiyira kumapeto. Tiyenera kugwirizana, ndi kulemba, za nthawi imene tidzalole dokotala kugoneka galu. Ena mwa inu munalowa gulu lino chifukwa cha lonjezo loti sitidzatero, ndipo ndikulemekeza mtima umenewo chifukwa ndi wanganso. Koma ndi bwino tikangane pano tili pamipando, kusiyana n'kudzakangana usiku galu wothyoka msana akulira pakati pathu. Ndikupempha a Mlembi aike nkhaniyi poyamba pa msonkhano wa Loweruka, ndipo tiitane a vetenale a boma adzatiunikire, makamaka pa za galu woluma munthu amene amayenera kuyang'aniridwa masiku 10.

Malisiti onse a ulendo ndawapereka kwa a Msungichuma pamodzi ndi ndalama yotsala. Ndikupempha kuti yotsalayo ipite kwa amayi amene akutisungira agalu anayi ku Chilomoni. Ndinawayendera dzulo: chakudya chawatsalira cha masiku atatu, ndipo wamkazi wofiira uja wayamba kale kutsatiridwa ndi amphongo. Tikachedwa kumutseka sabata ino, pofika miyezi iwiri tidzakhala tikukambirana za agalu khumi.

Ine nthumwi yanu.