Tiagalu ta m'katoni tikuthera kumtaya

A Mkonzi,

Tiloleni tidandaule za malonda a tiagalu amene afala kuno ku Kasungu, m'mbali mwa msewu wa M1, m'misika, ngakhalenso pa Facebook ndi WhatsApp. Malondawa amatentha nyengo ya fodya. Bambo wachokera ku okushoni ku Chinkhoma, m'thumba muli kanthu, wakumana ndi mnyamata wanyamula katoni ya tiagalu tinayi. "Bwana, uyu ndi German Shepherd weniweni." Basi wagula pomwepo. Kunyumba kulibe khola, mpanda ndi wa udzu wobookabooka, ndipo mayi amene azikaphikira galuyo kwa zaka 10 kapena kuposa sanafunsidwe n'komwe.

Ambiri mwa tiagaluti timakhala tisanafike pochoka kwa make. Msinkhu woyenera ndi masabata 8. Ogulitsa amatichotsa pa masabata 4 kapena 5 chifukwa apo ndi pamene tayamba kufuna chakudya, ndipo iwo safuna kuwononga ndalama. Kudziwa n'kosavuta: tsegulani kukamwa. Mano amayamba kumera cha m'sabata lachitatu, ndipo pofika masabata 8 mano oyamba onse 28 amakhala atatuluka. Kagalu ka timano towerengeka, koyenda dzandidzandi, n'koyamwa. Mukakapatsa mkaka wa ng'ombe katsegula m'mimba. Komanso masabata omalizawa ndi amene kamaphunzira kwa make ndi abale ake kusewera kosalumitsa, n'chifukwa chake agalu ochotsedwa msanga ambiri amakula aukali kapena amantha.

Kamimba kotupa kaja anthu amati n'kunenepa. Nthawi zambiri ndi njoka za m'mimba. Kwezani mlomo muone nkhama: zikhale zofiirira. Zikayera ndiye kuti magazi achepa chifukwa cha njoka, nthata kapena matenda a nkhupakupa. Papasaninso pamimba ndi m'mapazi; timatuza tokhala ndi kabowo pakati ndi mphutsi, zomwe zimalowa kagalu kakamagona pa dothi lonyowa ndi mkodzo.

Chomwe chikupha tiagalu tambiri ndi parvo. Matendawa amabisala masiku 3 mpaka 7, ndiye kagalu kamaoneka bwinobwino m'katoni muja. Kenako kakana chakudya, kayamba kusanza, n'kutsegula m'mimba mwa magazi monunkha kwambiri, ndipo popanda chithandizo kamafa m'masiku ochepa. Apa mwini wake amalakwitsanso kachiwiri: amathamangira kukagula kena kuti ana asiye kulira. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwina mpaka chaka. Pa simenti mutha kutsuka ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, mutayamba mwachotsa zonyansa zonse. Pa dothi palibe chotsukira. Kagalu kachiwiri kosabayidwa katemera kakafika pabwalo lomwelo, nakonso kapita.

Wofuna galu apite kumene kagaluko kabadwira, akaone make ndi maso ake, aone pogona, afunse khadi la katemera. Mankhwala a njoka amayamba pa masabata 2, n'kumabwereza masabata awiri aliwonse mpaka masabata 12, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse. Katemera wa parvo ndi distemper (matenda enanso opatsirana a agalu) amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakapita masabata 3 kapena 4 mpaka kagalu kafike masabata 16. Jakisoni mmodzi sakwanira, ndipo katemera amene wayenda m'thumba la jekete padzuwa ndi madzi chabe. Wa chiwewe ndi pa miyezi 3, ngakhale pa kampeni ya boma amabaya ndi tating'ono tomwe. Kadye kanayi pa tsiku mpaka miyezi 3, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Phala la mgaiwa lokha silimanga thupi; sakanizanimo usipa wosinja, soya wokazinga kapena dzira. Anyezi ndi mafupa a nkhuku ophika ayi. Mankhwala a anthu ochepetsa ululu musamupatse galu, amatha kumupha.

Oweta ogulitsa nawo atimve. Galu wamkazi amafuna wamphongo pafupifupi kawiri pa chaka, bere lake ndi la masiku 63, ndipo kubereka ana 6 kapena kuposa si zachilendo. Ena aona kuti pamenepa pali ndalama, ndiye akumukweretsa nthawi yoyamba yomwe, iye akadali mwana, n'kumabwereza osamupumitsa mpaka nthiti kuwerengeka. Ena akukweretsa bambo ndi mwana wake kuti "mtundu usasokonekere", pomwe kutero ndiko kumachulukitsa zilema zakumtundu, monga vuto la m'chiuno lomwe limavutitsa agalu akuluakulu ngati German Shepherd ndi Rottweiler. Palinso chotupa cha kumaliseche chopatsirana pokwerana. Galu wodontha magazi kumeneko isali nyengo yake asabwerekedwe kwa aliyense, apite kwa dokotala wa ziweto, chimachizika. Ndipo kunena zoona, galu wathu wachikuda amapirira kutentha, sadya zambiri, ndipo amalondera pakhomo mokwanira. Sitikumvetsa chifukwa chake tikumunyoza.

Amene sakufuna ana a galu amutseketse wamkazi ndi opareshoni, wamwamuna amufulitse, zonse kwa dokotala wa ziweto. Za mphira ndi lezala zija n'nkhanza. Jakisoni wolerera wa amayi, amene ena amabaya agalu mwamseri, amatha kuyambitsa mafinya m'chiberekero, ndipo galu amafa nawo.

Ikafika Januwale ndi Febuluwale, ndalama za fodya zatha, nkhokwe yapepuka, gaga naye akudyedwa ndi anthu. Kagalu kaja tsopano ndi chigalu cha miyezi 8, chikudya ngati munthu wamkulu, chagwirako nkhuku za aneba. Apa ndi pamene anthu amachikweza pa njinga kukachisokeretsa kutali. Chimakathera kumtaya wa kumsika ndi kuseri kwa malo ophera mbuzi, chosabayidwa, chosatsekedwa, n'kumaswana komweko. Akatswiri amati chiwewe chimatha m'dera ngati agalu 70 mwa 100 aliwonse abayidwa. Galu wotayidwa palibe womugwira kupita naye kokabayitsa, ndipo amene amakumana naye panjira ndi mwana wopita kusukulu.

Ngati galu wakukanikani, mupezereni pakhomo pena mwadongosolo. Yambani mwamubayitsa wa chiwewe ndi kumupatsa mankhwala a njoka, khadi lipite naye. Womutenga muuzeni zoona: ngati amagwira nkhuku, ngati sagwirizana ndi ana, ngati analumapo munthu. Galu amene waluma munthu posachedwa asasamutsidwe. Atsekeredwe masiku 10 alangizi a ziweto akumuona, ndipo wolumidwayo atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Pitani mukaone kumene akupitako, ngati kuli mthunzi, madzi ndi mpanda. Mpatseni thumba lomwe amagonera ndi chakudya chomwe anazolowera cha masiku angapo. Kwatsopanoko asamasulidwe kunja kwa mpanda kwa masabata awiri, apo ayi athawa kufuna kwawo, n'kugundidwa pamsewu.

Bungwe losamalira nyama la LSPCA limatseka agalu ndi kuwapezera mabanja, koma lili ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera pano. Mlimi wa ku Chamama kapena ku Santhe sangakwere basi ndi galu mpaka kumeneko. Tikupempha khonsolo ndi ofesi ya za ziweto kuti pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe, pamalo obayira pazikhalanso dokotala wotseka agalu pa mtengo wotsika, ndiponso kuti wogulitsa tiagalu pamsika aziyamba waonetsa khadi la katemera asanatsitse katoni yake.

Alangizi a ziweto opuma pantchito,
Kasungu