Kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero kusathere pakhadi

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi amayi athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Epworth ndi m'mapulazi ozungulira Harare, amene uthenga wa zaumoyo umawapeza m'Chishona kapena m'Chingelezi pomwe chapamtima chawo ndi Chichewa.

M'chaka cha 2022 khansa ya khomo la chiberekero inapha amayi pafupifupi 350,000 padziko lonse, ndipo Zimbabwe ndi Malawi ali m'gulu la mayiko amene yawasautsa kwambiri. Chotipweteka mtima n'chakuti khansayi imabwera mochedwa ndipo imatipatsa mpata woigwira. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kofala pogonana. Kwa anthu ambiri thupi limakachotsa lokha, koma kakakhazikika kamawononga khomo pang'onopang'ono, zaka 15 mpaka 20 khansa isanabuke. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga wa HIV wosamwa ma ARV, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Nthawi yonseyi mayi amagulitsa tomato ku Mbare Musika osamva ululu uliwonse.

Pa 17 Novembala 2020 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa zolinga zitatu zoti zikwaniritsidwe pofika 2030: pa atsikana 100 aliwonse, 90 abayidwe katemera wa HPV asanapitirire zaka 15, pa amayi 100, 70 ayezedwe pofika zaka 35 ndiponso 45, pa amayi 100 opezeka ndi vuto, 90 alandire chithandizo. Ife tikuona kuti amayi tikuwataya pa cholinga chachitatuchi.

Kuyeza kofala kuno ndi VIAC. Namwino amalowetsa kachipangizo kotsegula njira, amapaka pakhomo viniga wa mphamvu ya 3 mpaka 5 peresenti, n'kudikira mphindi imodzi. Malo owonongeka amayera mbee, m'mbali mwake moonekera bwino, ndipo amajambulidwa. Kawirikawiri malo oyerawo amakhala asanafike pokhala khansa. Malowo akakhala aang'ono ndi ooneka onse, amawotchedwa ndi kachitsulo kotentha madigiri 100 kwa masekondi 20 mpaka 30, kapena amaumitsidwa ndi mpweya wozizira. Akakhala aakulu kapena olowa m'kati, amadulidwa ndi kawaya ka magetsi, njira ya LEEP. Kuwotchako sikufuna kugonekedwa m'chipatala, ndipo chiberekero chimatsala.

Nanga zimalakwika pati? Mayi amauzidwa kuti abwerenso Lachinayi, mwina chifukwa mpweya watha kapena wodziwa LEEP ali kuchipatala china. Lachinayi likafika ndalama ya kombi palibe, pathupi sipakupweteka, khadi la kuchipatala limalowa pansi pa matilesi. Wina amamva mawu akuti "tapeza vuto" n'kuganiza kuti ndi imfa basi, amathamangira zitsamba zoika kumusi, zimene sizichotsa malo oyerawo. Musanatuluke m'chipinda funsani mafunso atatu: mwapeza chiyani, ndithandizidwa kuti, tsiku liti? Wopita kumudzi ku Malawi atenge khadi lake.

Abambo, apa mpanu. Mayi akawotchedwa kapena kudulidwa amatuluka madzimadzi kwa masabata angapo, ndipo ayenera kukhala masabata anayi osagonana kuti bala lipole. Kumukakamiza kumabweretsa magazi ndi matenda. Akamva kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mchombo, fungo loipa kapena kutaya magazi ambiri, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Pakatha chaka ayezedwenso, pakuti nthawi zina malo owonongeka amatsalira.

Wopezeka bwino pa viniga abwereze pakatha zaka 3, ndipo amene ali ndi HIV atsatire tsiku limene a kukiliniki ya ma ARV amulembera. Kwa agogo osiya kusamba viniga sadalirika, chifukwa malo oyambira matenda amabisala m'kati. Iwo afunse za kuyeza HPV kwenikweni, kumene mayi angathenso kudzitengera yekha chikazi ndi kathonje. Koma magazi otuluka pambuyo pogonana, pakati pa msambo, kapena mayi atasiya kale kusamba, sadikira tsiku la ndondomeko. Khansa yogwidwa msanga imachizika ndi opaleshoni kapena ndi makina owotcha khansa monga a kuchipatala cha Parirenyatwa.

Katemera anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Zimbabwe mu 2018, ku Malawi mu 2019. Amateteza ku mitundu 16 ndi 18 ya HPV, imene imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansayi. Satseka kubereka, komanso sachiza kachilombo kolowa kale, n'chifukwa chake amabayidwa mwana akadali wamng'ono. Popeza amaperekedwa kwambiri kusukulu, mtsikana wosiya sukulu amadumphidwa. Pitani naye kukiliniki ya khonsolo mukafunse.

Pempho lathu lipite kwa amayi a Chigwirizano ku CCAP, amayi a kumzikiti ndi magulu athu osonkherana za maliro. Sankhani mayi mmodzi wosunga chinsinsi woti aziperekeza mnzake wopatsidwa tsiku lobwerera, ndipo m'thumba la gulu muzipatula ndalama ya kombi yopita ndi yobwerera ya anthu awiri.

Anamwino ndi azamba olankhula Chichewa,
Harare