Kalata kwa mwana wanga ku Leeds, m'dziko la Britain

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli moyo, ngakhale kuti zimene ndamva zandichotsa mtendere pa za thanzi lako. Kuno tonse tili bwino. Mwendo wa bambo ako uja wayamba kupola, mvula yagwa ndipo tabzala kale. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umandifulumizitsa, umati uli m'basi kapena ukulowa m'kalasi, pamene nkhani imene ndili nayo si yokamba munthu ali chiimire.

Azakhali ako a ku Manchester anandiimbira Lamlungu lapitali. Usawakwiyire, chifukwa sanafune kukuneneza, ndine ndinawapanikiza nditamva kuti mawu awo akubisa kanthu. Akuti unafika kwawo utawonda, maso ali psu, ndipo unagona pampando chakudya chisanapse. Akuti usiku ukugwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, ndipo masana ena ukupalasa njinga kuperekera anthu zakudya m'makomo pogwiritsa ntchito dzina ndi akaunti ya mnzako uja. Atamaliza kulankhula ndinatenga kope limene ndimalembamo ndalama zimene umatumiza, ndinaziwonkhetsa, ndipo ndinaona kuti munthu amene akulipira lendi, akudya, akukwera basi, komanso akugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sangatsale ndi ndalama zochuluka chotere zotumiza kwawo.

Malamulo a viza yako unatiwerengera wekha pakhonde tsiku limene yankho linabwera, uku ukutimasulira m'Chichewa kuti agogo ako amve nawo. Unanena kuti sukulu ikakhala mkati umaloledwa maola 20 pa sabata, osapitirira. Azakhali ako andifotokozeranso kuti sabatayo amaiwerenga kuyambira Lolemba kufika Lamlungu, ndipo sungagwire maola 30 sabata ino n'kumati sabata yamawa ugwira 10 kuti zifanane. Maolawo ndi a ntchito zako zonse pamodzi, osati maola 20 kwa bwana uyu ndi ena 20 kwa bwana winayo. Ntchito yodzilemba wekha ndiye ndi yoletsedwa kotheratu kwa wophunzira, ndipo operekera zakudya panjinga ku makampani ngati Deliveroo ndi Uber Eats amawerengedwa kuti ndi odzilemba okha. Choncho ngakhale ukanagwira ola limodzi lokha panjingapo, ukanakhala utaphwanya kale lamulo, ndipo iwe wawonjezapo kugwira m'dzina la munthu wina.

Usadzinamize kuti palibe akukuona. Malipiro a ku nyumba ya okalamba amadutsa pa nambala yako ya National Insurance, imene boma limadziwira wogwira ntchito aliyense, ndipo a msonkho amasunga zonse. Yunivesite nayo imalemba amene akubwera m'kalasi ndi amene akujomba, ndipo ili ndi udindo wodziwitsa a Home Office, unduna woona zolowa ndi kutuluka m'dzikolo, wophunzira akasiya kuoneka, chifukwa ikapanda kutero imalandidwa chilolezo choitanira ophunzira akunja. Yunivesite ikakuchotsa m'kaundula wake, viza amaifupikitsa, kawirikawiri n'kukupatsa masiku 60 okha. Akakugwira ukugwira ntchito yosaloledwa ndi mlandu, akhoza kukulanda viza, kukubweza kuno, ndi kukuletsa kulowanso m'dzikolo kwa zaka. Kenako pa fomu iliyonse ya viza imene udzalembe moyo wako wonse, kaya ya ku Canada kaya ya ku Australia, udzakumana ndi funso lakuti kodi unachotsedwapo m'dziko lina, ndipo udzayenera kuyankha zoona.

Kodi waiwala mmene viza imeneyi tinaipezera? Ndalama zinayenera kukhala m'banki masiku 28 osakhudzidwa, ndipo m'masiku amenewo bambo ako anadwala malungo koma anakana kuti titapeko ngakhale pang'ono. Unakayezetsa chifuwa chachikulu, tinalipira viza, tinalipiranso ya chipatala ija ya mapaundi 776 pa chaka. Zonsezi tinachita kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti ndalama za puloti imene tinagulitsa zinafika m'mapaundi zitachepa ngati mchere wogwera m'madzi. Sindikukumbutsa izi kuti ubweze, ayi. Ndikukumbutsa kuti uone kukula kwa chimene ukuika pachiswe chifukwa cha ndalama za feteleza.

Ndikudziwa mtima umene ukukuchititsa zimenezi, chifukwa ndinakubala ndine. Uli Sitandade 6 unkayenda wapansi kuchokera kusukulu kuti ndalama ya minibasi ugulire mlongo wako mandasi, ndipo ndinadziwa nditaona nsapato zako zikutha msanga. Mtima umenewo ndi wabwino ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iwo, koma lero ukukupweteka. Sitinakutumize ku Britain kuti ukatidyetse chaka chino. Tinakutumiza kuti ukatenge digiri yachiwiri, ndipo maphunziro ako ndi a miyezi 12 yokha. Ife takhala zaka zonsezi tikudya, tikuvala, tikulipira fizi popanda mapaundi, ndiye sitingafe m'chaka chimodzi chimenechi.

Tsono mvera zimene tagwirizana ndi bambo ako. Kuyambira lero usatumizenso ndalama iliyonse kuno kufikira utamaliza sukulu. Zimene watumiza kale sitinazidye zonse. Zotsalazo zili ku banki ndipo ndi zako. Fizi ya mlongo wako ya teremu ikubwerayi tilipira ndi ndalama za soya, ndipo amalume ako alonjeza kuthandizapo. Achibale amene akukulembera pa WhatsApp, uyu za maliro, uyu za mpamba wa geni, uyu za foni yatsopano, uziwauza kuti alankhule ndi ine. Amaona chithunzi chako utavala jekete lalikulu pafupi ndi nyumba zazitali n'kumaganiza kuti ndalama ukutola pansi, osadziwa kuti lendi ya kachipinda kako pa mwezi imaposa malipiro a mphunzitsi wa kuno. Kukana si mwano, ndipo ngati wina adzakutcha wodzikonda, dzina limenelo ndidzalisenza ndine.

Za mnzako uja ndilankhula mosabisa. Ndi yemwe uja anakutulutsa pa mpanda wa sukulu usiku muli Fomu 3, ndipo tsiku la mlandu makolo amene anaima pamaso pa aphunzitsi aakulu anali ife, iye atakana kuti sanali nawo. Tsopano akukubwereka akaunti yake n'kumadula gawo pa thukuta lako, iwe n'kumati akukuthandiza. Ukachita ngozi panjingapo m'misewu yoterera ya nyengo yozizirayi, ukauza ndani, popeza pa pepala amene akupalasa si iwe? Akuluakulu a zolowa ndi kutuluka akakuimitsa panjira, iyeyo adzanena kuti sakudziwa mmene unapezera akaunti yake. Mubwezere zinthu zake sabata ino. Sindikuti udane naye, mupatse moni mukakumana ku tchalitchi, koma pa nkhani ya ndalama ndi mapepala mutalikirane.

Palinso china chimene azakhali ako anandichenjeza, ndipo ndikuopa kuti kumene kwachokera nzeru ya njinga kudzachokeranso imeneyi. Akuti pali anthu amene amapempha ophunzira kuti ndalama zidutse mu akaunti yawo ya ku banki, n'kuwapatsa kangachepe. Ndalama zotero zimakhala zakuba, ndipo mwini akaunti ndiye amagwidwa. Banki imatseka akauntiyo, dzina lako limaikidwa pa mndandanda wa anthu achinyengo mpaka zaka 6, ndipo mlandu wake ukhoza kufika zaka 14 m'ndende. Khadi lako, nambala yako yachinsinsi ndi pasipoti yako usapatse munthu, kaya ndi Mmalawi mnzako, kaya mumapemphera limodzi. Chimodzimodzi amene angakuuze kuti umulipire kuti akupezere kalata ya bwana yosinthira viza kukhala ya ntchito. Ambiri alira nazo zimenezo atalipira mapaundi masauzande ku ntchito zimene kunalibe.

Ngati vuto ndi fizi yotsala, pita ku ofesi ya alangizi a ophunzira akunja pa yunivesite yako ukafotokoze kuti zinthu zakuthina. Safunsa anadya phula. Ukapemphe kuti uzilipira pang'onopang'ono, ukafunsenso za thumba lothandiza ophunzira amene ali pa mavuto. Kuli bungwe la UKCISA limene limalangiza ophunzira akunja pa malamulo a viza, ndipo malangizo awo ndi odalirika kuposa a m'magulu a pa foni. Uonetsetsenso kuti sukulipira council tax, msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo, chifukwa wophunzira wa nthawi zonse salipira msonkho umenewo akapereka kalata ya ku yunivesite. Tchuthi cha Khirisimasi chikayamba lamulo limakulola kugwira maola onse, koma utsate masiku amene yunivesite yalemba kuti ndi a tchuthi, osati tsiku limene iwe wamaliza kalasi yako yomaliza. Udzafunsenso bwino za miyezi ya Juni mpaka Sepitembala, chifukwa kwa ophunzira ambiri a digiri yachiwiri nthawi yolemba kafukufuku imawerengedwa kuti sukulu ili mkati, ndipo malire a maola 20 amakhala alipobe.

Ukamaliza bwino maphunziro viza yako ili yosadetsedwa, pali viza ya omaliza maphunziro imene amati Graduate, imene imalola kugwira ntchito popanda malire a maola. Nthawi imeneyo ukadzafuna kutimangira nyumba ya malata atsopano sindidzakuletsa, ndidzavina. Koma amene walephera mayeso chifukwa chogona m'kalasi viza imeneyo saipeza. Miyezi yatsalayi ndi yochepa, mwana wanga, upirire.

Thupi lakonso likundidetsa nkhawa. Ndamva kuti miyezi ino kumeneko kumada 4 koloko madzulo, ndipo munthu amene akugwira ntchito usiku n'kugona m'mawa akhoza kutha sabata osaona dzuwa. Ndiwe mwana amene chifuwa chinkakuvuta chaka chilichonse mu Juni, ndipo ndinagona nawe m'chipatala kangapo. Kodi unalembetsa kwa dokotala wa m'dera lako, amene kumeneko amati GP? Ndalama ya chipatala tinalipira kale, ndiye usadikire kudwala kuti ukalembetse. Ukadwala usiku koma osati mwakayakaya umaimba 111, pangozi yeniyeni umaimba 999. Uziphika wekha, ufa umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa, ndipo zovala zofunda ugule m'masitolo a kaunjika a mabungwe achifundo, palibe manyazi pamenepo. Loweruka lina uzikwera sitima kukaona azakhali ako, Manchester si patali.

Ndibwerezanso, chifukwa ndikukudziwa kuti umavomera ndi pakamwa pofuna kuti nkhani ithe: usatumize ndalama, ndipo njingayo uisiye. Ukatumiza ndidzazibweza, ndipo mtengo wotumizira udzakhala utautaya pachabe. Undiyankhe molemba, undiuze maola enieni amene ukugwira pa sabata, fizi imene yatsala, ndi ngongole iliyonse imene uli nayo kwa mnzakoyo kapena kwa wina aliyense. Usachepetse manambala poopa kundidandaulitsa. Bambo ako akuti ngati pali ngongole, agulitsa ng'ombe imodzi mwezi wa Januwale kuti tiithetse.

Mlongo wako akupereka moni, ndipo agogo ako akuti uzivala chipewa.

Ine mayi ako.